Nkhani Imene Ndinaopa Kulemba

M'bokosi langa lachitsulo, pansi pa makalata a ukwati ndi a ntchito, muli kabuku ka masamba ochepa kamene mapepala ake afiira ndi ukalamba, ndipo njenjete zayamba kukadya m'mphepete. Kabukuko ndi magazini imene ife ophunzira za uphunzitsi tinali kutulutsa pamene ndinali pa sukulu ya ukachenjede. Ana anga andifunsa kangapo chifukwa chimene ndimasungira chinthu chosaoneka bwino chotere, pamene mabuku ena okongola ndinagawira anthu kalekale. Yankho lake ndi lakuti m'kabukumo muli masamba awiri amene ndinalemba ine, ndipo masamba awiriwo anasintha kaimidwe kanga pamaso pa ana a eni. Tsono ndifuna kufotokoza m'mene zinachitikira, makamaka kwa inu anyamata ndi atsikana amene mukukonzekera kugwira choko.

Mwambo umene tinaupeza

Mwambo wakuti mphunzitsi azilemba si wachilendo m'dziko muno. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma pamene analemba buku lake la Nthondo, limene linasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 linatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndi kulandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri mu 1965. Sukulu ya aphunzitsi ya Soche Hill inalowa m'yunivesiteyo mu 1967, ndipo mu 1973 inasamukira ku Zomba ndi kukhala mbali ya Chancellor College. Mu 1970 ophunzira ena ndi aphunzitsi awo anayamba kukumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndakatulo ndi nthano zimene analemba, ndipo gulu lawolo linatchedwa Writers Group. Mmodzi wa iwo anali Jack Mapanje, amene anaphunzira uphunzitsi ku Soche Hill asanatchuke ndi ndakatulo.

Anthu amenewo analemba pa nthawi yovuta. Lamulo loyesa mabuku ndi masewero asanafike kwa anthu linakhazikitsidwa mu 1968, kotero wolemba anayenera kuphiphiritsa mawu ake monga achitira mkamwini pamudzi wa eni. Mapanje mwini anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Ife tinafika pambuyo pa zonsezo. Riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinali zitapita, ndipo pakamwa pa anthu panali patatseguka. M'chaka chomwecho cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana amene anali osakwana 2 miliyoni anafika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ambiri akuphunzira pansi pa mitengo. Motero nkhani za maphunziro zinali pakamwa pa munthu aliyense, ndipo ife aphunzitsi a mawa tinadziona ngati eni nkhaniyo. Palibe wa ife amene ankaopa ndende chifukwa cha cholembera. Sindinadziwe pa nthawiyo kuti alipo mantha ena amene amamanga dzanja la munthu ngakhale ndende kulibe.

Magazini yathu inali yosauka. Pakhomo pa chipinda china panali katoni yoboola pamwamba, m'mene wofuna aliyense ankaponya nkhani yake. Akonzi anali ophunzira anzathu asanu, ndipo wotsogolera anali mayi wina wa chaka chachinayi amene anayamba waphunzitsapo ku pulayimale asanabwere ku koleji. Nkhani zosankhidwa ankazitayipa pa sitensulo, atachotsa riboni m'taipi kuti zilembo ziboole phula la pepalalo. Munthu akalakwa chilembo ankapakapo mankhwala ofiirira onunkha, nadikira kuti aume. Pamenepo sitensuloyo ankaikulunga pa makina a Gestetner ndi kupukusa ndi dzanja tsamba limodzilimodzi, inki ikudetsa malaya. Ndalama za mapepala tinali kusonkha tokha, chifukwa chake malo anali ochepa, ndipo nkhani yosapindula inalibe mwayi.

Nkhani yanga yoyamba

M'chaka changa chachiwiri ndinalemba nkhani ya masamba asanu ndi limodzi m'Chingerezi, yonena za ubwino wa maphunziro pa chitukuko cha dziko. Ndinaikongoletsa ndi maina a anthu ophunzira amene tinawamva m'kalasi, monga John Dewey wa ku America, Jean Piaget wa ku Switzerland ndi Paulo Freire wa ku Brazil, ndipo paliponse pamene mawu aafupi akanakwana ndinafunafuna m'dikishonale mawu aatali. Nditaiponya m'katoni muja ndinayamba kuyenda ngati munthu amene dzina lake latchuka kale.

Patapita sabata mayi uja anandiitana, nandibwezera mapepala anga. Anati, "Achimwene, Chingerezi chanu n'chabwino, koma ndawerenga masamba onsewa osakumanamo ndi munthu. Mulibe mwana, mulibe mphunzitsi, inunso mwini mulibemo. Zimene ananena azunguwa tikhoza kukaziwerenga tokha ku laibulale. Ife tifuna chimene munaona inu ndi maso anu."

Ndinayankha mwaukali kuti mwina iwo sanamvetse kuzama kwa nkhaniyo. Iwo anaseka pang'ono nati, "Mwinadi. Koma ngati ine sindinamve, wa chaka choyamba adzamva bwanji? Mukapite kukaphunzitsa kaye, ndipo mukadzabwera mudzandipeza kapena mudzapeza wina pampando uno."

Ndinachoka mtima uli kuwawa, ndipo kwa miyezi yambiri ndinali kuuza anzanga kuti magaziniyo ndi ya anthu okonderana. Chimene chinali kundiwawa ndithu chinali chakuti ndinadziwa kuti mayiyo ananena zoona.

Tsiku la mtedza

Nthawi yoyeserera kuphunzitsa itafika ananditumiza ku sekondale ina yoyendera, kutali ndi tauni, kumene ndinapatsidwa Fomu 1 kuti ndiphunzitse zaulimi. Ana ambiri anali kuyenda mtunda wautali m'mawa uliwonse, ena opanda kanthu m'mimba. Monga zinalili m'sukulu zambiri masiku amenewo, panali lamulo lakuti wolankhula chinenero cha kwawo m'kalasi alandire chibalo. Ine ndinalikonda lamulolo, pakuti Chingerezi ndicho chinali chuma changa chokha, ndipo ndinafuna kuti ana aone kuti kwabwera munthu wochokera ku yunivesite.

Tsiku lina tinali pa phunziro la kasinthasintha wa mbewu. Ndinafunsa m'Chingerezi chifukwa chimene mlimi amabzalira chimanga pamene chaka chatha panali mtedza. Kalasi lonse linangoti zii. Ndinafunsanso kachiwiri, ndipo kumbuyo kunakwezeka dzanja la mnyamata wina wamtali, wamkulu pang'ono kuposa anzake, amene anali asanayankhepo chiyambire. Anaimirira, nayamba ndi mawu awiri atatu a Chingerezi, koma mawuwo anamuthera. Pamenepo anati, "Aphunzitsi, agogo anga amati munda umene munali mtedza kapena nandolo, chimanga chake chimabwera chobiriwira ngati mwathira ndowe. Ukazula mtedza umaona timibulu pamizu pake. Iwo amati mphamvu ili m'timibulu timeneto."

Abale anga, yankho limenelo linali loona lonse. M'timibulu timeneto mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa Rhizobium, timene timatenga nayitirojeni wa mumpweya ndi kumusandutsa chakudya cha mbewu, ndipo masangwi ndi mizu zikaolera m'munda chakudyacho chimatsalira mbewu yobwera. Izi ndizo zinali m'kope langa, ndipo ndizo ndinali kufuna kulemba pabolodi. Gogo wosadziwa kuwerenga anali ataphunzitsa kale mdzukulu wake phunziro langa, ndi chitsanzo chimene ine sindinachiganizire n'komwe.

Koma makutu anga anamva Chichewa chokha. Ana anaseka, ndipo ine m'malo mowaletsa ndinaonjezera. Ndinamufunsa m'Chingerezi ngati agogo akewo ndiwo adzamulembere mayeso, ndipo chiseko chinakula. Ndinamulamula kuti potuluka atenge chikwakwa akatchetche udzu kuseri kwa zimbudzi. Iye anangoti, "Chabwino, aphunzitsi," nakhala pansi.

Nditatembenukira ku bolodi ndinayamba kulemba m'Chingerezi zomwe mnyamatayo ananena, mzere ndi mzere, ndipo ndili mkati molemba ndinazindikira chimene ndachita. Ndikanatha kutembenuka pomwepo ndi kunena kuti mnzawoyo analondola, koma manyazi anandigwira pakhosi. Madzulo ndinamuona pawindo akutchetcha yekha, anzake atapita kwawo, ndipo kwawo kunali kutali. Masabata otsalawo anabwera tsiku ndi tsiku, nalemba zonse m'kope lake, koma dzanja lake silinakwezekenso.

Kulemba

Nditabwerera ku koleji nkhaniyo sinandichoke. Akulu anati mlandu suola. Anzanga anali kusimba zoseketsa za kumene anapita, za ahedi aukali ndi za nyumba zodontha, ndipo inenso ndinali kuseka nawo, koma za mtedza sindinauze munthu. Usiku wina ndinatenga pepala ndi kuyamba kulemba m'Chingerezi monga mwa chizolowezi, koma nditafika pa mawu a mnyamata uja cholembera chinaima. Ndinaona kuti kuwatembenuzira m'Chingerezi kukanakhala kumulanga kachiwiri. Ndinang'amba pepalalo ndi kuyambanso m'Chichewa, ndipo tambala woyamba asanalire nkhani inali itatha.

Kuiponya m'katoni kunanditengera masabata awiri. Ndinali ndi mantha atatu. Oyamba anali akuti aphunzitsi athu amene anabwera kudzationa tikuphunzitsa anali asanatulutse malikisi, ndipo iwo anali kuwerenga magaziniyo; kodi munthu wanzeru amadziulula yekha kwa woweruza? Achiwiri anali a chitonzo cha anzanga, pakuti pa koleji dzina lachipongwe likakumata silichoka. Achitatu anali akuti kulemba m'Chichewa kudzaoneka ngati kulephera Chingerezi, ndipo kwa ine masiku amenewo panalibe manyazi oposa amenewo.

Mayi uja anali atamaliza maphunziro ake, ndipo pampando panali mnyamata wina wofatsa wa kumpoto, amene chinenero chake chobadwa nacho chinali Chitumbuka. Ataiwerenga anandifuna ku chipinda chodyera nati, "Achimwene, iyi tiitulutsa, koma pali zitatu zoti tikonze."

Choyamba chinali dzina. Ndinali nditalemba dzina la mnyamatayo ndi la sukulu yake, poganiza kuti kutero ndiko kunena zoona. Mkonziyo anati, "Inu mwasankha kudzivula pagulu, ndipo ndi ufulu wanu. Mwanayu sanasankhe. Magazini imayenda kumene mwini wake sanafike." Tinachotsa maina onse, ndiponso dzina la boma limene sukuluyo ili.

Chachiwiri chinali ndime yaitali m'mene ndinadzudzula ahedi ndi lamulo lawo, ndi kusonyeza kuti ine ndinangotsata zimene ndinapeza. Iye anaidula yonse. Anati, "Lamulo linati mumupatse chibalo. Kodi linatinso mutchule agogo ake kuti anzake aseke?" Ndinasowa choyankha. Ndimeyo ndinailemba kuti ndidzitchinjirize, ndipo iye anaiona msanga monga mlenje aonera pamene nyama yabisala.

Chachitatu chinali mapeto, m'mene ndinabweretsanso Freire kuti andichitire umboni. Anawadulanso, nasiya nkhani ithere pa mnyamata akutchetcha udzu. Masamba anayi anasanduka awiri. Pa nthawiyo ndinamva ngati andidula chala, koma lero ndikawerenga ndimaona kuti palibe chosowa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale denga lake likhale la mapepala.

Pa msonkhano wa akonzi panabuka mkangano wa chinenero. Ena anati magazini ya pa yunivesite iyenera kukhala ya Chingerezi chokha. Wina anati ngati tilola Chichewa, amene amalankhula Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga adzati chiyani, pakuti chiyambire 1968 zinenero zawo zinakankhidwira kunja kwa sukulu? Funsolo linali lolemera, ndipo mkonzi wathu analidziwa kuwawa kwake kuposa ife. Iye anawakumbutsa kuti m'zaka za m'ma 1970 ku Chancellor College kunkatuluka magazini yotchedwa Odi, imene inali ya zinenero ziwiri, natinso aliyense wobweretsa nkhani yabwino m'chinenero cha kwawo adzalandiridwa chimodzimodzi. Motero nkhani yanga inalowa.

Zotsatira zake

Zimene ndinaopa zina zinachitikadi. Kwa chaka chathunthu anzanga ananditcha "Agogo a Mtedza," ndipo alipo ena amene amanditchulabe motero tikakumana pamaliro. Wina analemba m'magazini yotsatira kunditsutsa, nati mayeso a boma amalembedwa m'Chingerezi, ndipo mphunzitsi wolekerera ana kuyankha m'chinenero cha kwawo amawakomera lero ndi kuwapha mawa. Mawu akewo sanali opanda nzeru, ndipo anandikakamiza kuganiza bwino chimene ndinali kunena. Ndinamuyankha kuti mwanayo anayenera kuphunzira Chingerezi ndithu, koma njira yake inali kulandira yankho lake poyamba, ndi kumuthandiza kulinena m'Chingerezi pambuyo pake. Ine ndinataya yankho ndi mwana yemwe, ndipo Chingerezi sanachipezenso.

Malikisi anga sanachepe. Mphunzitsi wathu wina wa kaphunzitsidwe, bambo wachikulire wosakonda kuyamika, analowa m'kalasi ndi magaziniyo m'manja, nauza mmodzi wa ife kuti awerenge mokweza. Itatha anafunsa kuti, "Ndani mwa inu amene sanachitepo chotere?" Palibe anakweza dzanja. Pamenepo anthu anayamba kusimba zawo, mmodzimmodzi: wina anamenya mwana wochedwa amene pambuyo pake anamva kuti anali kudwazika amake, wina anang'amba kope la mtsikana pamaso pa anzake. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti tonse tinabwerako ndi katundu wobisa, ndipo aliyense anali kuyesa kuti ndi iye yekha.

Nkhani ya chinenero cha m'kalasi yakhala ikutembenuka. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero za kwawo, ndipo mu 2014 unalengeza kuti Chingerezi chiyambire mu Sitandade 1. Akuluakulu adzapitiriza kukambirana zimenezo. Koma pansi pa lamulo lililonse, mphindi imene mwana wakweza dzanja monjenjemera imakhala m'manja mwa mphunzitsi yekha.

Ndinatumiza magazini imodzi kwa mnyamata uja kudzera mwa mphunzitsi wina wa pa sukulupo, pamodzi ndi kalata yopepesa. Patapita miyezi iwiri ndinalandira yankho la mizere inayi pa pepala long'amba m'kope. Anathokoza, nati anawerengera agogo ake nkhaniyo ndipo iwo anakondwa kumva kuti ananena zoona. Kalatayo anailemba m'Chingerezi, mosamala kwambiri, ndipo pena panaoneka kuti anafufuta ndi kulembanso. Ine ndinamulembera m'Chichewa, koma iye sanakhulupirire kuti n'kotheka kundiyankha m'Chichewa popanda chibalo. Kalata imeneyo ili m'bokosi lomwelo, mkati mwa kabuku kaja.

Mawu kwa aphunzitsi a mawa

Masiku ano sitensulo ndi makina opukusa zinatha, ndipo munthu akhoza kulemba pa foni yake ndi kufikira anthu ambiri pa Facebook kapena pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Ndikondwera nazo. Koma pamenepo palibe mkonzi wokubwezera mapepala, palibe wokufunsa ngati mwana wa eni wavomera kuti dzina lake limveke, ndiponso palibe wodula ndime imene walemba podzitchinjiriza. Chifukwa chake ngati pa koleji yanu pali magazini ya ophunzira, kaya ya pepala kaya ya pa intaneti, musaipeputse. Ngati palibe, muiyambitse, ngakhale mukhale anthu asanu.

Mukafuna kulembamo, lembani chimene munaona: kalasi limodzi, tsiku limodzi, mwana mmodzi. Za m'mabuku zibwere pokhapokha ngati zikuunikira chimenecho. Bisani maina a ana ndi a sukulu zawo, pakuti iwo alibe pokayankhira. Musanaloze chala ahedi, makolo kapena boma, yambani mwafunsa mbali yanu. Nkhani yanu ikabwezedwa, psani mtima usiku umodzi, ndipo m'mawa muwerengenso zimene mkonzi wanena. Wina akakutsutsani m'magazini yotsatira, muthokoze, chifukwa wawerenga.

Mphunzitsi amatha moyo wake wonse akuchonga zolemba za ena ndi inki yofiira. Ndi bwino kuti asanayambe ntchitoyo alawe yekha m'mene zimawawira kubwezeredwa pepala, ndi m'mene mtima umagundira poika mawu ako pamaso pa anthu. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo ndalakwa zina zambiri. Koma chaka chilichonse ndikafika pa phunziro la kasinthasintha wa mbewu ndimabwera m'kalasi ndi phata la mtedza lozula ndi mizu yake, ndipo ndisanalembe kanthu pabolodi ndimafunsa ana kuti andiuze zimene agogo awo amanena.